CV ya Mwana Wanu Muipacike pa Mtengo Uti?

Amene anafunako nchito m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akali kuikumbukira njira yake. Munthu anali kugula Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, kapena kungobwereka kwa mnansi wogwira nchito m'boma, natsegula msanga masamba amene munali zidziwitso za malo a nchito. Akapeza yomuyenera anali kulemba kalata ndi dzanja lake, kuiika m'envulopu pamodzi ndi makope a masatifiketi, kumata sitampa ndi kukaponya ku positi ofesi. Kenaka kudikira, milungu ngakhale miyezi. Sitikunena kuti masiku amenewo anali abwino. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa kutsatira lamulo la 1992, ndipo Zambia Airways itatsekedwa kumapeto kwa 1994, makalata otere anali kungounjikana m'maofesi popanda wowayankha. Koma cinthu cimodzi cinali codziwika bwino: wolemba anali kudziwa kumene kalata yake yapita. Pa envulopu panali dzina la kampani ndi nambala ya bokosi, ndipo woitsegula anali kalaliki wokhala m'nyumba imene munthu akanatha kuiloza ndi cala.

M'caka comweco ca 1994, akatswiri a pa University of Zambia, kupyolera m'kampani ya Zamnet, analumikiza dziko lathu ku intaneti. Ndi anthu owerengeka okha amene anamva tanthauzo lake panthawiyo. Lero mtsikana wa ku Katete kapena mnyamata wa ku Lundazi amene watsiriza Giredi 12 kapena koleji amafuna nchito ali khale pamphasa, foni ili m'manja. Amalemba CV, ndiko kuti cikalata cofotokoza dzina lake, maphunziro ake, nchito zimene anagwirapo ndi anthu amene angamucitire umboni, naiika pa mawebusaiti olengeza nchito. Zonsezi zimatha madzi a nsima asanawire. Koma tikamufunsa kuti, "Kodi cikalata cako capita kwa yani?" kawirikawiri yankho limasowa.

Ife makolo nkhaniyi tisaitaye kunkhongo poganiza kuti ndi ya ana odziwa makompyuta. Ndife amene timagula mabandulo a intaneti. Ndife amene timagulitsa thumba la nshawa kapena mbuzi pamene mwana abwera akuthamanga kuti pakufunika ndalama "za fomu" dzuwa lisanalowe. Tiyenera tsono kudziwa kuti malo amenewa ndi otani, ndi kuti abwino amasiyana bwanji ndi oipa.

Mtengo sulemba munthu nchito

Pa msika uliwonse wa kwathu pali mtengo kapena cipupa pamene anthu amakhomapo mapepala. Uyu akugulitsa ng'ombe, uyu wataya regi, winayo akufuna mlonda. Mtengowo sugulitsa ng'ombe ndipo sulemba mlonda. Nchito yake ndi kunyamula pepala cabe. Mawebusaiti olengeza nchito ndi mitengo yotere, kungoti nthambi zake zimafika kutali. M'dziko muno acinyamata amachula kwambiri Go Zambia Jobs, Job Search Zambia ndi Great Zambia Jobs, ndipo alipo enanso. Sitikuwachula kuti tiwatsatsire malonda, ai, koma kuti makolo akamva maina amenewa pakamwa pa ana ao adziwe kuti si makampani olemba anthu nchito. Mwana akati, "Ndatumiza pa intaneti," sikuti wagogoda pakhomo la bwana. Mwina wangokhoma pepala lake pa mtengo.

Nanga eni mitengo imeneyi amadya bwanji? Nthawi zambiri wofuna anchito ndiye amalipira kuti cidziwitso cake cioneke, kapena kuti cikhale pamwamba pa zinzake. Ndalama zina zimacokera kwa amalonda amene zithunzi zao zimatsekereza nkhani pafoni. Mawebusaiti ena amasunga ma CV onse m'nkhokwe imodzi, nalola makampani olipira kulowamo ndi kusankhamo anthu. Conco funso loyamba posankha malo ndi ili: kodi pano wolipira ndani? Pamene wolipira ali wolemba nchito, mwini webusaiti ali ndi cifukwa cosungira mbiri yake, pakuti makampani sangabwererenso pamalo odzaza mabodza. Koma pamene wofuna nchito ayenera kulipira mwezi ndi mwezi kuti angoona zidziwitso, mwini malo amadya ngakhale mwanayo asapeze kanthu, ndipo kunena zoona ulova ukatalika phindu lake limakula. Ife malo otere timawakaikira.

Palinso mawebusaiti, ndiponso magulu ambirimbiri a pa Facebook ndi WhatsApp, amene salandira cidziwitso ciliconse kwa olemba nchito koma amangokopera za anzao. Pokopera, tsiku lotsekera limagwa panjira, mwina mwangozi, mwina mwadala. Cidziwitso ca nchito imene inatsekedwa mwezi wa March cimazungulirabe mu September ngati catsopano, ndipo ana athu amatha ndalama kutumiza makalata pa malo amene mnzao anakhalapo kale. Kuyesa webusaiti sikovuta. Tsegulani zidziwitso zitatu kapena zinai zimene zili pamenepo. Kodi dzina la wolemba nchito lalembedwa? Kodi pali tsiku limene cidziwitso cinaikidwa ndi tsiku lotsekera? Kodi anena dera limene nchitoyo ili, ndi maphunziro ofunika? Malo amene zidziwitso zake zambiri zimangoti "kampani ina yaikulu ikufuna anthu mwamsanga" ndi malo odutsa osaima.

Cidziwitso cikaoneka cabwino, nchito yeniyeni ndiye yayamba, ndiyo yotsata mtsinje mpaka ku gwero lake. Makampani a migodi monga First Quantum Minerals ya ku Kansanshi ndi Kalumbila, kapena Barrick ya ku Lumwana, mabanki ndi mabungwe akuluakulu ali ndi mawebusaiti aoao kumene amalengeza nchito zao. Ngati nchito yamveka pa Facebook koma kwa mwini wake kuli zii, ndiye kuti pali cina. Yang'ananinso keyala ya imelo kumene akuti makalata apite. Kampani yaikulu keyala yake imathera ndi dzina la kampaniyo. N'zoona kuti sitolo ya ku Kamwala kapena sukulu yaing'ono ingagwiritse nchito Gmail popanda cinyengo ciliconse, koma mgodi wolemba anthu zikwi sungalandire makalata pa keyala ya munthu mmodzi. Kampani yacilendo imene dzina lake simunalimvepo mungaifufuze ku PACRA, kumene makampani onse a m'dziko muno amalembetsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Nchito za boma zili ndi njira yakeyake. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo 11,276. Ofunsira uphunzitsi okha anapitirira 100,000. Pamene anthu aculuka cotere pa khomo limodzi, akathyali sacedwa kufika, ena akudzicha odziwana ndi akuluakulu, ena akuti ali ndi webusaiti yolembetsera maina mwacidule. Koma aphunzitsi amalembedwa ndi Teaching Service Commission, anchito ena ambiri a boma ndi Civil Service Commission, ndipo zidziwitso zake zimacokera ku maunduna ndi mabungwe amenewa, m'manyuzipepala, pawailesi ndi pa masamba ao odziwika. Palibe webusaiti ya munthu wamba imene imasunga mndandanda wa anthu odzalembedwa ndi boma.

Ulimi ndi nthaka yake

Mbeu iliyonse ili ndi nthaka yake, ndipo CV nayonso sibala paliponse. LinkedIn, imene inayamba ku America mu 2003 ndipo inagulidwa ndi Microsoft mu 2016, imathandiza kwambiri owerengera ndalama, mainjiniya, a zamakompyuta ndi ena a maphunziro otere, cifukwa olemba nchito amapita okha kumeneko kukafuna anthu. Amene akhumba kugwira nchito m'mabungwe othandiza anthu pa njala, matenda ndi othawa kwao ayang'ane pa ReliefWeb, imene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1996. Bungweli limanena poyera kuti sililipiritsa munthu ndalama iliyonse pofunsira nchito, kuyambira pa kalata mpaka pa kulembedwa.

Koma tinene cilungamo: anthu ambiri ogwira nchito m'Zambia, oposa theka ndithu, sali m'maofesi kapena m'makampani olemba ndi makalata. Mmisiri womanga nyumba, kalipentala, telala, woocherera zitsulo ndi woyendetsa minibasi kawirikawiri amapeza nchito cifukwa wina anaona nchito ya manja ao nauza mnzake. Kwa mnyamata amene ali ndi satifiketi ya TEVETA ya ukalipentala, zithunzi zabwino khumi za zitseko ndi mipando imene anapanga, zoikidwa pa WhatsApp kuti a m'dera lake aone, zingamubweretsere zambiri kuposa CV yopacikidwa pa mawebusaiti asanu. Timaona cisoni ana otere akamadziona ngati otsalira cifukwa sali pa LinkedIn.

Ndiye maganizo athu ndi akuti malo awiri kapena atatu osankhidwa bwino akwana: webusaiti imodzi ya m'dziko muno imene yayesedwa monga tafotokozera, ina yoyenera mtundu wa nchito ya mwanayo, ndi masamba a makampani enieni amene iye akuwafuna. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Womwaza CV yake pa malo makumi awiri amaiwala kumene anaiika, ndipo foni ikalira satha kudziwa ngati woimbayo ali woona kapena wonama.

Uthenga wa "mwapambana"

Cinyengo cofala cimayenda motere. Mwana amalandira uthenga womuyamikira kuti wasankhidwa, ngakhale kuti palibe amene anamuitana kukamufunsa mafunso. Uthengawo umamuchula dzina lake lonse, sukulu imene anaphunzira ndi nchito imene akufuna, ndipo iye amakhulupirira, osadziwa kuti zonsezo azitenga pa CV yake yomwe imene ili poyera. Kenaka amauzidwa kuti atumize K300 kapena K500 ya kupimidwa kucipatala, ya yunifomu kapena ya malo ogona pa maphunziro, kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ku nambala ya munthu, nthawi isanakwane 17:00. Akatumiza, pamabwera cifukwa cina cofunira ndalama zina. Tsiku limene afunsa kuti ayamba liti, nambala ija imaleka kupezeka.

Pano tisiyanitse bwino, pakuti zolipira zenizeni ziliko. Olemba nchito ambiri masiku ano amafuna kuti masatifiketi atsimikizidwe ndi Zambia Qualifications Authority, kapena zotsatira za mayeso ndi Examinations Council of Zambia, ndipo ena amafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu. Izi zimalipiridwa, koma ku mabungwe eni ake, ndipo munthu amapatsidwa lisiti. Sizilipiridwa kwa wolemba nchito, ndiponso sizidzera pa nambala ya foni ya munthu amene simunamuonepo. Nambala yotere mungainene ku bungwe la ZICTA poimba *707#, ngakhale ndalama simunatumize, kuti mwana wa mnzanu asagwe m'mbuna yomweyo.

Kutaya K500 kumapweteka, koma pali zina zoopsa koposa. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi ndi mabungwe ena anazinga nyumba ina ku Roma mu Lusaka nagwira anthu 77. Kampani imene inali mmenemo inalemba acinyamata a dziko lino, ambiri a zaka 20 mpaka 25, powauza kuti ndi nchito yolankhula ndi makasitomala pafoni ndi pakompyuta. Nchito yeniyeni inali yoceza ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana pa WhatsApp ndi Telegram, potsata mau olembedweratu, kuti awabere ndalama. M'nyumbamo munapezeka ma SIM oposa 13,000. Mu June caka comweco anthu 22 ocokera ku China anapatsidwa zilango za m'ndende za zaka 7 mpaka 11. Acinyamata aja anacoka kwao m'mawa atavala bwino, makolo akuyamika kuti mwana wapeza nchito ya muofesi.

Kunja kwa dziko nkhani yake ndi yomweyo, koma kubwerera n'kovuta. Kumayambiriro kwa 2025 anthu zikwizikwi anatulutsidwa m'misasa ya akuba a pa intaneti ku Myawaddy, m'dziko la Myanmar, pafupi ndi malire a Thailand. Pakati pao panali a ku Ethiopia, Kenya ndi Uganda. Ambiri anakopedwa ndi zidziwitso za nchito za malipiro apamwamba ku Thailand, ndipo atafika analandidwa mapasipoti, naolotsedwa mtsinje kupita kumene sakanatha kuthawa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lathu la nchito, Employment Code Act la 2019, limafuna kuti bungwe lililonse lofunira anthu nchito likhale ndi cilolezo cocokera kwa Labour Commissioner. Conco wina akalonjeza mwana wanu nchito ku Dubai, ku Thailand kapena kwina kulikonse, pitani naye ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu mukafunse ngati bungwelo likudziwika, pasipoti isanacoke m'manja mwanu. Wokupatsani nchito yoona sakwiya mukamufufuza. Amene ayamba kukufulumizitsani, kapena kuuza mwana kuti asauze makolo, wadziulula yekha.

Zolemba ndi zosiya

Ana athu anaphunzitsidwa kulemba CV monga mwa kale, pamene cikalata cinali kupita kwa munthu mmodzi m'envulopu yomata. N'cifukwa cake pamwamba amaika nambala ya regi, tsiku lobadwa, nambala ya nyumba, mtundu wao, mpingo wao, ngakhale TPIN ndi nambala ya NAPSA. Pa CV yopacikidwa poyera zonsezi ndi cakudya ca mbala. Nambala ya regi ndiyo imene munthu amalembetsera SIM, ndipo ndi mfungulo ya zambiri za ndalama ndi ngongole. Wokhala ndi dzina lanu, tsiku lobadwa, nambala ya regi ndi cithunzi ca regiyo ali ndi zambiri zomuthandiza kudzionetsa ngati inu. Pa CV ya pa intaneti pakwana dzina, tauni, nambala imodzi ya foni, imelo, maphunziro ndi nchito zimene munthu adziwa. Makope a regi ndi a masatifiketi apite kwa wolemba nchito amene wadziwika bwino, pamene iye wawapempha.

Tikumbukenso anthu ocitira umboni. Mwana amalemba dzina ndi nambala ya foni ya aphunzitsi akulu, ya bambo mfumu a parishi kapena ya mtsogoleri wa mphakati, nthawi zina osawapempha n'komwe, ndipo manambala amenewa amafika kwa aliyense wotsegula cikalataco. Ulemu wake ndi kuyamba wawapempha, ndipo pa CV ya poyera kungolemba kuti maina a ocitira umboni adzaperekedwa akafunidwa.

Webusaiti yabwino imapatsa munthu mphamvu pa cikalata cake. Imamulola kusankha ngati CV ioneke kwa aliyense, kapena kwa makampani olembetsa okha, kapena ibisike mpaka iye mwini ataitumiza pa nchito imene waisankha. Imamulolanso kuikonza ndi kuicotsa. Musanaike kanthu, funani kaye pamene pali pocotsera. Ngati palibe, musalowe. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene bungwe likusunga za iye, wozikonzetsa ndi wopempha kuti zifafanizidwe. Koma lamuloli ligwira bwino pamene mwini webusaiti ali wodziwika, wokhala ndi ofesi ndi keyala. Webusaiti yopanda dzina la mwini wake mudzaisumira kuti? Ndipo amene ali kale pa nchito koma akufuna ina asamale, pakuti bwana wake nayenso amawerenga pa mitengo yomweyo.

Za kalembedwe tingonena pang'ono. Makampani akuluakulu ena amayamba asefa makalata ndi kompyuta munthu asanawaone, ndipo kompyutayo imafuna mau ofanana ndi amene ali m'cidziwitso. CV yojambulidwa ndi foni ngati cithunzi kawirikawiri siiwerengeka bwino m'makina otere. Ikhale yotaipidwa, ya masamba awiri kapena ocepera, yosungidwa ngati PDF, ndipo dzina la failo likhale dzina la mwini wake. Keyala ya imelo nayonso ikhale ya dzina lenileni. Maina a masewera amene anyamata amapatsana ku mpira asiyidwe ku bwalo komweko.

Kumidzi ndi m'makomboni ambiri sataipa okha. Amapita pa kasitolo ka makompyuta ku msika, kumene mnyamata wodziwa amawalembera CV, kuwatsegulira imelo ndi kuwalembetsa pa webusaiti, zonse pa mtengo wocepa. Nchito imeneyi ndi yothandiza ndipo ambiri oigwira ndi okhulupirika. Cobvuta n'cakuti kawirikawiri nambala yacinsinsi yotsegulira imelo imatsala ndi wotaipayo, ndipo makope a regi ndi masatifiketi amatsala pa kompyuta imene anthu makumi amagwirapo tsiku lililonse. Kalata yoitana munthu ku mafunso ingafike m'imelo imene mwini wake satha kuitsegula, nikhala mmenemo mpaka tsiku litapita. Mwana asanacoke pa kasitoloko asinthe nambala yacinsinsi ndi dzanja lake, aone ndi maso ake kuti mafailo ake acotsedwa pa kompyutayo, ndipo atsegule imeloyo pa foni yake kuti atsimikize kuti ikugwira. Akafika kunyumba alembe m'kabuku dzina la webusaiti iliyonse imene waikapo CV, tsiku lake, ndi nchito iliyonse imene wafunsira. Foni ikalira pakapita milungu itatu, wina nati akuimba kucokera ku kampani yakutiyakuti, atsegule kabuku kaja ayang'ane ngati dzinalo lilimo.